Sutikesi ya Bambo

Bambo anasiya sutikesi ku Mufakose,
kunsi kwa bedi, ikununkha mankhwala a njenjete.
M'katimo makalata khumi ndi anayi
osainidwa ndi apulezidenti akale.
Ina anachita kusinthanitsa ndi njinga.

A Gwatidzo a ku Avondale
anabwera ndi galasi lokuzira zilembo.
Iyi ndi yeniyeni, akutero,
iyi anasaina mlembi chabe;
taonani apa, dzanja linanjenjemera,
mpando unali utayamba kuterera.

Anawerenga madola patebulo.

Pansi penipeni panatsala imodzi
yochokera ku Ntcheu, yothimbirira:
"Nthondo mwanawe, watchona?
Chimanga chacha kawiri."
Dzina palibe. Chidindo cha chala basi,
chopendekeka, inki itachuluka.

Iyi ilibe mtengo, anatero,
nandibwezera.