Lero Ayi

Ine ntchito yanga ndi chiwongolero.
Pakati pa sabata a Dokotala Yudelman amaona ana ku Linksfield,
zifuwa, makutu otuluka mafinya, katemera.
Koma foni ikalira, iwo n'kuyamba kuwerenga masiku pa zala
mpaka chala chachisanu ndi chitatu,
ndimadziwa kuti kwinakwake kwabadwa mwamuna,
ndipo chikwama chakuda chija chikwera kumbuyo.

Mu Julaye, chisanu cha Joni chikuluma zikhadabo,
tinafika ku Glenhazel udzu udakali woyera.
Magalimoto mpaka pakona.
Azibambo, tizipewa pa liwombo.
Agogo a mwana anachita kuuluka kuchokera ku Kepi usiku,
atakhala kale, pilo pamiyendo, kudikira.
Pambali pawo mpando wopanda munthu,
akuti ngwa Eliya, amene sajomba mdulidwe.
Nsomba zofutsa, mabanzi oboola pakati,
zonse zovundikira m'mapulasitiki.

Ndinaima pakhomo la khichini, chikwama m'manja.
Adokotala sanachifunse.
Ananyamula khandalo kupita nalo pawindo,
nakoka chikope ndi chala chachikulu,
nadina pachifuwa, nayang'ana khungu likubwerera.
Anayang'ananso.
Kuona maso a nkhono n'kudekha,
koma awa anali maso a munthu wa masiku asanu ndi atatu
ndipo anali ndi chikasu.

Lero ayi, anatero.

Nyumba yonse zii.
Agogo anaimirira, pilo inagwa.
Analankhula chinenero chawo, mawu akuthwa,
ndinangotolapo dzina la Abrahamu.
Adokotala anayankha motsitsa:
pangano ladikira zaka zikwizikwi,
sabata imodzi silichita dzimbiri.
Lamulo lomwelo likuti mwana ayambe wachira.
Mayi wa mwana, amene anabisala m'chipinda kuopa kumva kulira,
anatuluka, namulanda, nakhala pansi pakapeti.

Pobwerera, pa maloboti a Louis Botha,
ndinaiwala kuti kwayaka kobiriwira.
Ndinali ku Ntaja, ku ndagala, ndili ndi zaka khumi,
ng'oma zikumeza kulira kwathu,
ngaliba ali ndi dzanja losanjenjemera, ndisaname,
lombwe wanga atanditseka maso ndi chikhatho chonunkha fodya.
Twaliki anali patsogolo panga pamzere.
Anabwera akutentha thupi, milomo yotuwa,
tonse tinaona.
Panalibe woti anene mawu awiri aja.
Tsiku lotuluka tinavala zatsopano, mikanda, mipango,
mayi ake ankatiwerenga ndi maso
kuyambira kutsogolo, kuyambiranso kumbuyo.

Hutala ya minibasi ndiyo inandibweza.

Patapita masiku khumi tinapitanso.
Anthu ochepa, chakudya chochepa, magetsi atathima.
Agogo anakhala, pilo pamiyendo, mawondo akugundana.
Adokotala anasamba m'manja mpaka m'zigongono ngati ku fiyeta,
kenako anapemphera ngati si iwo aja olemba mapiritsi.
Zinatha ndisanameze malovu.
Kulira kumodzi, kwaukali,
dontho la vinyo pa kansalu, mwana n'kuyamwa, n'kuiwala.
Anamutcha Gershon, dzina la wina amene anatsala ku Lithuania.
Agogo anagwira adokotala paphewa, osanena kanthu,
ndevu zitanyowa.

Usiku m'kachipinda kanga ku Orange Grove
ndinapeza uthenga wa mawu wa mkazi wanga:
Rajabu wakwana, amalume ake akuti chaka chino.
Ndinausewera katatu.
Ndinayankha kuti apite, akamve mwambo, akavine,
asadzakhale mlendo pakati pa amuna anzake.
Koma mpeni ukhale wa kuchipatala ku Liwonde,
ndalama nditumiza pa Mukuru Lachisanu.
Ndipo m'mawa wa tsikulo, ndinatero,
utuluke naye panja, pamene pali kuwala,
umugwire chibwano,
umuyang'ane m'maso bwinobwino.
Ukaona chimene sukuchimvetsa
usaope amalume ake.