Liwu la pa Lipoti

Aphunzitsi a Nankhuni analemba ndi inki yofiira
pansi pa malikisi a Sungeni
liwu limodzi, lalitali ngati mzere wa pa chigayo:
pirikoshasi.
Ndinalipinda kanayi, n'kuliika m'thumba la malaya
pamodzi ndi choko ndi tepi yoyezera.

Tsiku lonse pa khonde la sitolo ku Mchesi
phazi likupalasa makina, mtima uli m'thumba.
Kodi ndi matenda? Kodi watukwana?
Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi
angapalamule mlandu wa zilembo zochuluka chonchi?

Wogulitsa mayunitsi anati mwina ndi mwano.
Kondakitala wa ku Kawale anati ndi mankhwala a chifuwa.
Koma a Msosa, amene anapuma ntchito m'boma,
atabwera kudzachepetsa thalauza,
anavala magalasi naseka:
"Azungu amatero ponena chipatso chopsa nyengo isanakwane,
mwana amene wasiya zaka zake m'mbuyo.
Pena n'kuyamikira, pena n'kutsina khutu,
uziyang'ana nkhope ya wonenayo."

Pamenepo ndinakumbuka
Sungeni akuwerenga zikwangwani za pa depoti
ali kumsana kwa amake,
Sungeni akundiuza kuti chenji chaperewera,
ndi usiku uja magetsi atazima
pamene kamawu kanatuluka m'bulangete:
"Ababa, lendi ikakweranso, ife titsikira kuti?"

Za kupsa msanga ndimazidziwa.
Pabwalo pa alandilodi pali mtengo wa mango;
chipatso choyamba kufiira mu Okutobala
ndicho chimalandira miyala ya mzere wonse.

Madzulo ndinamupeza pa mpopi,
diresi lili chonyowa, matope mpaka m'zigongono,
akulimbirana chitsekerero cha botolo ndi anzake.
Anandithamangira: "Aphunzitsi alemba chiyani?"
Ndinati, "Alemba kuti uzisewera kwambiri."
Anandiyang'ana ngati woweruza milandu.
"Bodza. Ndinawerenga kale panjira.
Kungoti sindinalimve."

Ndinamunyamula.
Akadali wopepuka,
wopepuka kuposa liwulo,
ndipo dzino lakutsogolo likugwedera.

Yunifolomu yake ndinasoka ndekha,
mpendero ndinapinda waukulu,
nsalu yobisala mkati, yodikira msinkhu.
Mutu uthamange mmene ungathere, mwanawe,
umenewo si wanga kuugwira.
Koma mpenderowu
ndizitsitsa chala chimodzi pa chaka,
osapitirira.