Kope la Sakina

Kwathu kwa M'baluku aliyense anabadwa ndi mawu
kupatula ine.
Bambo, a Che Ajibu, ankakhoma banjo
ndi chitini cha mafuta ophikira ndi waya wa mabuleki a njinga.
Mayi ankatsogolera nyimbo m'maukwati mpaka tambala wachitatu.
Amalume a Twaibu, ng'oma ya beni inkawamvera ngati galu.
Ine ndikati nditsegule pakamwa, nkhuku zinkasamuka pakhonde,
ndiye anandipatsa ntchito yonyamula batire.

Sakina, mlongo wanga, ali Sitandade 5
anaba kope langa la masamu,
natembenuzira kumbuyo kumene kunalibe zolakwa,
nalemba nyimbo yake yoyamba:
ya mayi wogulitsa zitumbuwa pa mlatho wa Shire
amene mwamuna wake anapita ku Joni
n'kutumiza chithunzi chokha, atatsamira galimoto ya eni.
Amene anakwapulidwa kusukulu ndine.

Bambo anaimva ali chogona pamkeka.
Sanawombe m'manja.
Anangoti, "Waya wachiwiriyo watsika,"
namusiyira banjo.
Kwathu mdalitso umabwera choncho.

Tinayenda.
Ku Namwera pamwamba pa matumba a chimanga,
ku Makanjira msewu utadyedwa ndi mvula,
malipiro nthawi zina nkhuku yomangidwa miyendo,
nthawi zina "tidzakuimbirani foni."
Anthu ankati mwana wamkazi ndi gitala usiku
sapeza banja.
Mayi ankayankha akupeta mpunga, osadzutsa mutu:
"Nanga ine munandipeza kuti?"

Mbuzi zinayi za mayi zinapita ku Blantyre
n'kubwerako nyimbo zisanu ndi zitatu.
Wayilesi inalakwitsa dzina lake, komabe inalitchula.
Akabaza ankaimba likhweru pokwera chitunda,
anamwino ankang'ung'udza posintha mabandeji.
Pamsika anyamata a makompyuta ankathira mawu ake m'mafoni
pamtengo wa zitumbuwa ziwiri,
mwini wake osaona ndi tambala yemwe.
Tsiku lina anaima pamzere nagula nyimbo yakeyake.
Mnyamatayo anamuuza monyada
kuti woimbayo ndi mayi wolemera, amakhala kunja.
Anaseka mpaka kukhala pansi pafumbi,
kenaka njira yonse sanayankhule.

Bambo anatisiya tili ku Salima, iye ali pasiteji.
Foni inanjenjemera m'thumba mwanga,
ndinamva uthenga, ndinaima pambali pa sipika
n'kumulola amalize nyimbo zitatu.
Sindidziwa mpaka lero ngati ndinachita bwino.
Iye akuti ayi.
Chaka chathunthu banjo inakhala pamsomali
mpaka mavu anamangamo nyumba.

Atabwerera, nyimbo zake zinali zochepa mawu.
Anasiya kuthamangitsa ng'oma.
Anaimba za ngongole ya feteleza,
za mzere wa pachipatala m'bandakucha,
za kutentha kwa Okutobala kumene kumasungunula phula
ndi maukwati omwe.
Ovina anachepa.
Otsala ankamvetsera atagwira zibwano.

Pano mmero umamuvuta, amasankha koimba.
Ine ndimasoka zovala pakhonde la sitolo
pafupi ndi nsanja ya wotchi,
ndipo Lachinayi lililonse amabwera kudzakhala pabenchi yanga
ndi kope lachisanu ndi chiwiri,
kundiwerengera mizere pamene makina akugogoda,
ngati kuti ine ndingadziwe.

Mwana wanga Rukaya watenga mawu
amene anandidumpha ine.
Dzulo anapukuta dothi la mavu m'banjo muja
naimba nyimbo ya zitumbuwa, kulakwitsa vesi yachiwiri.
Sakina sanamukonze.
Anapempha lumo langa, nadula tsamba m'kope mwake,
lija lili ndi dzina la bambo pamwamba
ndi mzere umodzi wokha kwa zaka khumi ndi zitatu,
nalipinda, naliika m'dzanja la mwanayo.

Loweruka akuimba awiri ku Mpondasi.
Batire ndatchajitsa kale.