Alendo Athu Akunja

Mlangizi anabwera Lachiwiri ndi laputopu,
nsapato zake zisanalawepo fumbi la ku Matawale.
Anati: Taonani India, taonani Joni,
anthu akukwera ndege kukagula thanzi
inu mukugonera chuma.
Jambulani phiri, jambulani nkhungu ya ku Chawe,
muike pa intaneti, mitengo yanu ikhale m'madola.
Azungu azibwera kudzachotsa ng'ala,
akachira azikwera kukadya masitiroberi.

Dokotala Likaka ankangovomera, akulemba.
Ine ndinali pakhomo ndi beseni la thonje,
ndipo palibe anandifunsa.

Akanandifunsa ndikanatchula Kasimu, mlongo wanga.
Tinagulitsa dimba la ku Likangala, ndi njinga yamoto yomwe,
kuti impso zake zikaonedwe kutsidya kwa nyanja yamchere.
Pa foni ankati makina ake ndi onyezimira,
pansi poti ukhoza kudyerapo.
Koma masiku makumi awiri ndi atatu
palibe anamufunsa kuti wadzuka bwanji
m'chinenero chimene amalotera.
Bilu inkamera usiku ngati bowa.
Anabwerako atachira theka,
ndipo dzina la mzinda uja salitchula mpaka lero.

Alendo athu akunja sadzera ku Chileka.
Amaoloka Chilwa pa boti la injini yotsokomola,
n'kutsikira pa Kachulu, matope mpaka m'maondo,
metikashi itamangidwa pansonga ya chitenje.

Woyamba anali bambo Anselimo Muhala a ku Mekanyela,
telala amene singano inamuthawa zaka zitatu zapitazo,
mdzukulu patsogolo, iwo pambuyo, ndodo pakati.
Anafunsa mtengo. Ndinawauza m'Chilomwe changa chothyokathyoka,
ndinalembanso papepala, mwana uja n'kusunga m'sokosi.
Pakati pa opaleshoni magetsi anathima.
Jenereta inadzuka ndisanamalize kupuma,
chifukwa Yohane amaipukuta m'mawa uliwonse
ngati mwana wake.
Mdzukulu tinamuyalira mphasa kuseri kwa famase,
bulangete linali langa.

M'mawa ndinamasula bandeji.
Ndinkayesa aona phiri, pakuti zenera lathu ladzaza phiri lokhalokha.
Iwo anandiyang'ana kuchokera paphewa mpaka m'munsi,
nati: Yunifolomu iyi anakusokerani ndani?
Mpendero wakhota.

Polipira anawerenga ndalama kawiri,
nadikira, dzanja lili m'thumba.
Palibe chowonjezera?
Palibe, bambo. Zimene zili m'sokosi ndi zomwezo.
Anakhalabe chiimire, ngati munthu wotsika masitepe
amene phazi lake likufuna sitepe yoti kulibe.

Patatha sabata ndinawaimbira, mayunitsi anga omwe,
kufunsa ngati akudontheza mankhwala kanayi patsiku.
Kumbuyo kwa mawu awo ndinamva makina osokera akuthamanga.

Mwezi usanathe kunabwera amayi awiri ndi katekisiti.
Kenako asanu ndi mmodzi, boti limodzi,
aliyense akufunsa za namwino wa mpendero wokhota.
Wina anabweretsa matemba m'nyuzipepala ya Chipwitikizi,
ofesi ya dokotala inanunkha mpaka Loweruka.

Tsamba la pa intaneti lilipo, ndaliona.
Phiri latuluka bwino, ndi mtsikana womwetulira
amene sanagwirepo ntchito kuno.
Mwina azunguwo adzabwera, sindikukana,
mlendo ndi mame, adzatipeza tasesa.
Koma ine mawa ndikagogoda kwa Dokotala Likaka
ndi kope langa la mayina makumi atatu ndi anayi,
ndikapemphe zinthu zitatu:
chipinda cha odikirira odwala,
galimoto yokachingamira boti Lolemba,
ndi ntchito ya mwana wa a Namahiya wodziwa Chipwitikizi.

Ndikavala yunifolomu yatsopano.
Inabwera pa boti dzana, yokulungidwa m'pulasitiki,
popanda kalata.
Sanandiyeze ndi tepi, anangondiona kamodzi,
koma yandikwana ndendende.