Wokoka Chinsalu

Matabwa a nyumbayi sanamere kuno.
Kuno kumpoto kwa Chile mtengo ndi mlendo,
mvula timangoimvera m'nyimbo.
Anabwera m'mimba mwa zombo
zodzanyamula mchere woyera wa m'migodi,
n'chifukwa chake mukagogoda khomali
limayankha ngati bwato.

Ine ndine Eleuterio.
Zaka makumi asanu chingwechi
chakhala chikulemba mizere yake m'manja mwanga.
Bambo anga anachikokanso, nthawi ija
eni migodi ankakhala pansi, pa mipando ya veleveti,
akudzipepeza ndi timapepala,
okumba mchere atathithikana m'mwamba, pafupi ndi denga,
kumene kutentha kwa anthu onse kunkathera.
Woyimba wa kutsidya la nyanja
akakweza mawu m'chinenero chosamveka,
a m'mwamba ndiwo ankayamba kupukuta m'maso.
Bambo ankati kulira sikufuna womasulira.

Mchere utagwa mtengo, njenjete zinadya veleveti.
Kunabwera kanema. Kenaka nkhonya.
Rosamel Challapa anataya mano awiri
pamalo pomwe mfumukazi yabodza inkafera Loweruka lililonse;
limodzi ndinalipeza ndikusesa, patapita zaka,
litabisala mumng'alu wa thabwa.
Ndikadali nalo m'kabotolo ka misomali.

Chaka cha chivomezi mabanja makumi atatu anagona muno.
Mayi Herminia anayanika matewera pa chingwe changa
osapempha n'komwe,
anachira mwana wamkazi kuseri kwa nkhalango
yojambulidwa pa nsalu,
nkhalango yokhayo imene mwanayo anaidziwa
mpaka atakula n'kukwera basi yopita kumwera.

Za miyezi ya asilikali sindikonda kukamba.
Zitseko anazimanga ndi unyolo.
Anthu anakhala m'mizere, manja kunkhongo,
mayina akuitanidwa kuchokera pa nsanja,
ndipo nyumbayi, poti inamangidwa kuti mawu azimveka,
inafikitsa dzina lililonse mpaka kumpando womaliza.
Anandiuza kuti tsitsa chinsalu.
Ndinatsitsa.
Chingwe chinali chopepuka tsiku limenelo,
ndipo sindinachikhululukirebe.

Lero nkhunda zimalowa ulere.
A khonsolo amabwera ndi tepi yoyezera
chisankho chikayandikira,
amayeza, amagwedeza mitu, amapita.

Koma Lachitatu madzulo,
mwana uja wa kuseri kwa nkhalango,
Fresia, imvi zayamba kale,
amabwera ndi ana a asodzi khumi ndi anayi,
akununkha nyanja, mapazi ali mbuu.
Chisoti cha mfumu n'cha katoni,
lupanga ndi mpini wa tsache langa.
Pali kamnyamata kachibwibwi, Isaías,
kamene kumsika sikatha kutchula mtengo wa nsomba,
koma kakaponda thabwa lolira lija lapakati
mawu amatuluka osapunthwa,
amakwera mpaka kudenga
kumene okumba mchere ankakhala.

Fresia amandiyang'ana mumdima wa m'mbali.
Mwakonzeka, bambo?
Ndimalavulira m'manja.
Mapewa amadandaula, kawilo kam'mwamba kamadandaula,
chinsalu chimakwera mopendekeka,
mbali ina ikutsalira
ngati nkhalamba ikudzuka pamphasa.

M'mipando mazana asanu ndi limodzi
muli amayi atatu, mlonda, ndi galu wa mlonda.
Ana amagwada pamapeto ngati nyumba yadzaza.
Ine ndimagwirabe chingwe,
kuchedwetsa dala,
mpaka m'manja mutayamba kuwotcha.