Jombo za Sayizi Seveni

Tsiku londilemba ntchito ya ulonda
anandiponyera jombo kuchokera m'katoni.
Ndinati, "Bwana, ine ndimavala nayini."
A Chikalimba osadzutsa n'komwe mutu:
"Zatsala ndi seveni. Phazi lizolowera.
Panjapo pali anthu makumi atatu a mapazi ang'onoang'ono."

Ndiye phazi linayamba kuzolowera.
Kuchoka ku Chinsapo dzuwa likupendeka,
kutsata msewu wa Likuni mpaka geti lakuda la ku Eriya 9,
zala zisanu zitapanikizana
ngati anthu pampando wakumbuyo wa minibasi.
Pachidendene panatuluka thuza, linaphulika, panauma chikundu.
Mvula itagwa masokosi sankauma,
pakati pa zala khungu linayera n'kuyamba kusupuka,
kuyabwa kwake kochita kukuvulitsa jombo pakati pa usiku
galu wa abwana akukuyang'ana.

Koma chondigwetsa chinali chikhadabo cha chala chachikulu.
Chitasowa kolowera kutsogolo
chinakhota n'kuyamba kuboola mnofu.
Ndinagula lezala pa okala,
Lamulungu ndili pakhonde, kusema m'mbali mozama,
magazi pang'ono, mpumulo wa masiku anayi.
Pofika Lachisanu chala chinali tomato wotsala madzulo pamsika,
chofiira, chotentha,
chikugunda chokha ngati chili ndi mtima wakewake.
Mnzanga wa geti loyandikana anati thirapo mafuta a buleki.
Nankhoma, mkazi wanga, anati,
"Mukathira, mukagone kugalaja komweko."

Ku Bwaila ndinakhala pamzere kuyambira sikisi.
A Kamwaza, mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga woyamba,
anagwira phazi langa ndi manja awiri.
Chimwalirireni amayi, palibe anali atagwirapo phazi limeneli.
Anafunsa ngati ndili ndi shuga,
anandibaya chala chakumanja kuti atsimikize,
kenako jakisoni kuphazi, dzanzi,
n'kuzula kachidutswa ka chikhadabo kochepa ngati njere ya mpunga.
Kanthu kameneka ndi kamene kanandiliza
ine bambo wa ana anayi.

"Muziviika m'madzi ofunda a mchere.
Powenga muzidula mowongoka, ngodya muzizisiya, lezala ayi.
Muzipukuta pakati pa zala musanavale,
mankhwala awa muzipakabe ngakhale kuyabwa kutasiya.
Ndipo nsapato izi,"
anazinyamula ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa,
"si zanu."

Ndinati ndi zanga,
anandidula pamalipiro miyezi itatu.

Lefani, wosoka nsapato pafupi ndi chigayo,
anayang'ana jombo, anayang'ana bandeji,
n'kuboola windo pamwamba pa chala, osalipiritsa.
Tsopano madzulo ndimavala sokosi yakuda,
ndimapaka polishi mozungulira bowolo,
ndipo a Chikalimba akatulukira panjinga yamoto kudzatiwerenga
ndimabisa phazi lamanzere kuseri kwa mphika wa maluwa
n'kumenya sailuti.

Akapita ndimavula zonse.
Ndimakhala pandowa, zala kuzitambasula pasimenti,
mphepo ya Juni n'kumadutsa pakati pake.
M'nyumbamo magetsi azima kale.
Wakuba atabwera nthawi imeneyi
angandipeze ndili chabwino, ndikhoza kumuthamangitsa mpaka ku Mtandire,
pomwe nditavala yunifomu yonse
ngakhale bakha sindingamugwire.

Chikhadabo chikumera mowongoka, sichikuthamanga.
M'chitini chakale cha polishi ndimaponyamo faifi handiredi
sabata imene Nankhoma sanawerenge bwino chenji.
Pakaunjika wa kumsika wa Tsoka pali jombo za nayini,
zofiirira, chidendene chodyeka pang'ono mbali imodzi.
Mnyamata wogulitsayo wayamba kundidziwa.
"Madala, kachitatu aka mukuyesa."
Ndimati sindikuyesa, mphwanga,
ndabweretsa zala zanga kuti zidzaone nyumba.