Mlonda ndi Khoma

Ine yanga ndi kulondera zitseko,
makiyi khumi ndi awiri m'thumba, tochi yong'aluka galasi,
pasukulu pano pa Khombedza
pomwe dzuwa la Okutobala limawotcha ndi mthunzi womwe.
Za zojambula sindinkazidziwa.
Khoma lakuseri kwa Fomu 2 ndiye ndinkalidziwa:
lokodzeredwa, lolembedwa zotukwana ndi makala,
mbuzi zinkadzikhulapo nthiti.

Anayambitsa ndi Asiyatu, mwana wa telala wa pamsika,
wamfupi ngati chitsa, mawu ngati belu la m'mawa.
Anakapempha penti kwa ahedi.
Ahedi anaseka, nati choko chomwe tikuchita kuthyola pawiri.
Mwanayo sanabwere ndi misozi.
Anabwera ndi khasu.

Lachitatu lililonse akaweruka
ndinkawaona akubwera ndi zigubu zodula pakati:
katondo wofiira psu, makande akuda bii,
phulusa losefa, mwaye wa m'mabatire akutha.
Lonjezo anasinja njerwa mu mtondo wa amake,
mawa lake anabwera akutsimphina, koma akuseka.
Burashi?
Ubweya wa kumchira kwa mbuzi zomwe zija,
womangidwa kubango ndi malegeni.

Mphunzitsi panalibe.
Asiyatu yemweyo, atakwera padesiki yothyoka,
ankalalatira tiana ta kupulaimale:
"Yang'ana kaye, iwe! Dzanja la munthu si foloko.
Pita ukawaone amako momwe amagwirira mpeni, ubwerenso."

Pang'onopang'ono khoma linayamba kudzaza anthu.
Mayi wa zitumbuwa ndi beseni lake lobooka.
Alimi a thonje pamzere wa sikelo, nkhope zili gwa.
Twaibu wakabaza anaima, nayang'anitsitsa,
nati, "Njinga yanga ili ndi belu, mwaiona bwanji?"
Anamuikira belu. Anabweranso ndi mkazi wake kudzamuonetsa.

Ndiye pakona, m'munsi mwenimweni,
anandijambula ine.
Ndili m'tulo. Pakamwa yasa, chibonga pansi.
Sukulu yonse inafa nalo phwete,
ahedi anachita kutsamira mtengo wa bwemba.

Usiku umenewo ndinatunga madzi pamjigo,
ndowa yodzaza, chiguduli m'manja.
Ndinati lero aona, ana opanda mwambo.
Ndinawalitsa tochi.
Pa jekete langa, pachigongono,
anaikapo chigamba chija cha chitenje chobiriwira
chimene anasoka malemu mayi a kunyumba
chaka chomwe anayamba kutsokomola.
Ndi ulusi womwe, timizere tokhotakhota,
poti maso awo anali atayamba kale kuchita chidima.
Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala pachipata ichi,
anthu amati moni achimwene osakweza mutu.
Ndani anandiyang'ana mpaka pachigongono?

Madzi aja ndinathirira mbande ya papaya.

Mvula yoyamba inabwera cham'mbali, yamkuntho.
Kutacha alimi a thonje anali atasungunuka miyendo,
mayi wa zitumbuwa akulira katondo,
belu la Twaibu lapita.
Ana anaima duu, mabuku pamutu.
Asiyatu anangoti, "Dothi silinathe."
Ine osayankhula, ndinakazula malata awiri akale
pa khola langa la nkhuku,
ndi kukhoma kakhonde pamwamba pa khomalo.
Nkhuku zikugona kukhitchini mpaka lero.

Asiyatu analemba mayeso, ali ku Lilongwe kwa azakhali ake.
Zigubu anasiyira Ndaziona, wa Fomu 3, wolusa kuposa iye.
Lachitatu ndimafika msanga, dzuwa likadali pamutu,
ndimakhala pa njerwa pakati pa ana a Sitandade 4,
bango m'manja, lilime panja.
Dzulo ndinajambula mbuzi.
Ndaziona anaiyang'ana nthawi yaitali,
nati, "Tebulo lanu ndi labwino, bambo Kamphinda,
koma pitani mukayang'ane mbuzi."